Mzukwa Wopanda Magolovesi

Kum'mwera kwa dziko la Czech, nyumba zachifumu zakale zambiri zili ndi mzukwa wa mayi wovala zoyera, amene eni dziko amati Bílá paní. Wotchuka kwambiri ndi Perchta wa banja la Rožmberk. Bambo ake anamukwatitsa mu 1449 kwa Jan wa banja la Lichtenštejn, mwamuna wankhanza, ndipo makalata odandaula amene ankalembera kwawo alipo mpaka lero. Anamwalira ku Vienna mu 1476, koma akuti amayenderabe nyumba za abale ake ku Český Krumlov, Rožmberk, Třeboň ndi Jindřichův Hradec, makiyi ali m'chiuno. Si mzukwa wolusa ayi. Chofunika ndi kumuyang'ana manja. Akavala magolovesi oyera, kukubwera zabwino. Akavala akuda, pakhomopo pagwa maliro.

Ine pa tchuthi cha kusukulu ndinkagwira ganyu yogulitsa matikiti pa ina mwa nyumba zazing'ono zoterezi. M'miyezi ya July ndi August kumakhala maulendo a usiku, ndipo alendo amalipira makamaka kuti aone mzukwawo. Tsiku lina mtsikana amene ankasewera mzukwa anabinya bondo. Diresi lake linangokwana ine.

Ntchitoyi ili ndi malamulo ake, ndipo mayi wotsogolera alendo anandiphunzitsa mwachangu. Diresi lizilekeza masentimita asanu pamwamba pa nthaka, apo ayi uliponda pa masitepe ozungulira. Nsapato umaziveka masokosi, chifukwa mzukwa womveka mgugu palibe amauopa. Nyali umaigwira cha m'chiuno, osati pamwamba, kuti nkhope ikhale mumdima kuseri kwa velo. Makiyi ndi achitsulo enieni, olemera, ndiye umawafumbata mpaka belu litalira, kenako n'kuwasiya kuti azilira okha. Kuyenda ndi phazi limodzi pa sekondi ziwiri zilizonse, kuchokera pakhomo lina la khonde lam'mwamba mpaka lina. Pakati umaima, n'kukweza dzanja kuloza alendo ali pansi pabwalo. Osayang'ana munthu, osalankhula.

Zonsezi ndinazigwira. Chimene sanandiuze n'chakuti loko wa chitseko cha pakhondepo amauthira mafuta, ndipo mafuta osakanikirana ndi dzimbiri sachoka pa nsalu yoyera. Poopa kudetsa magolovesi a eni, ndinawavula n'kuwaika pazenera kuti ndilimbane ndi kiyi. Chitseko chitatseguka, mphepo inadutsa monga imachitira m'nyumba zamiyala mukatsegula mbali ziwiri. Magolovesi aja ulendo, mpaka m'ngalande pansi pa khoma. Nthawi yomweyo belu ngwee!

Ndinati palibe kanthu, ndani angaone mumdima? Pansipo mayi uja anali atangomaliza kufotokoza za magolovesi, ndipo anthu pafupifupi makumi atatu maso ali tong'o kudikira manja anga. Nyali ili m'chiuno, paja, ndiye chimene imaunikira bwino kuposa zonse ndi manja. Ndinaima pakati, n'kukweza dzanja langa lachikuda ili limene ndinabadwa nalo, n'kuloza.

"Černé! Černé rukavice!" anakuwa kamwana kena. Akuda, magolovesi akuda.

Bwalo lonse linati zii. Agogo ena aakazi anachita chizindikiro cha mtanda. Bambo amene chala changa chinagwera anakhala pansi pamiyala pomwepo, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti ankayembekeza opaleshoni sabata yotsatirayo. Mayi wotsogolera uja, amene anaona mzukwa umenewu chilimwe chilichonse kwa zaka zambiri, anaiwala kuti wandiveka yekha, mpaka anabwerera m'mbuyo.

Ndinaganiza zobisa manja m'mikono ya diresi. Koma munthu sungabise manja utanyamula nyali. Nyali inapulumuka, makiyi anakola velo, velo inakoka tsitsi, ndipo mzukwa wa m'zaka za m'ma 1400 unakuwa momveka bwino kuti, "Mayo ine!"

Bambo wina wa magalasi anayamba kufotokozera anzake modekha kuti chimenecho ndi Chicheki chakale, chimene masiku ano sichilankhulidwanso.

Apa m'pamene ndinati nditsike ndikawalimbitse mtima bambo a opaleshoni aja. Musadzayerekeze. Mzukwa woyenda pang'onopang'ono patali anthu amaujambula, koma mzukwa wotuluka pakhomo lapansi ukuthamanga, utakwinya diresi m'maondo, ukukuwa kuti pepani, umabalalitsa anthu ngati nkhuku zaona mphamba. Masokosi aja, amene amathandiza kwambiri pamatabwa, pamiyala yonyowa ndi mame ndi mdani. Ndinafika pamapazi a bambowo chokhala.

Anandiyang'ana nkhope, n'kuyang'ana manja, n'kuseka mpaka misozi. Akazi awo sanaseke.

M'mawa mwake abwana anabweza ndalama za matikiti kwa mabanja angapo, ine n'kundibwezera pazenera langa la matikiti. Anasokanso magolovesi kumikono ya diresi kuti asamavulike, ngakhale mtsikana uja atachira ankadandaula kuti sangathe kudzikanda. Koma mbiri inali itawanda m'tauni. Sabata imeneyo anthu ankabwera kudzafunsa kuti wa magolovesi akuda amatuluka tsiku liti, ine ndikuwapatsa chenji ndi manja omwewo.