Bwato pakhomo, mwezi pampando

Pamfundo ya dzanja, pamene timavala wotchi, pali mafupa 8, osanjidwa m'mizere iwiri. Kwa masabata awiri mayina awo ankangondithawa. Ndinkawawerenga usiku mpaka maso kulemera, koma kukacha m'mutu munkatsala atatu okha.

Chimene chinandipulumutsa ndi njira yakale kwambiri. Cicero, mlembi wakale wachiroma, analemba za Simonides, mlakatuli wachigiriki, amene anatuluka m'nyumba ya phwando denga litangotsala pang'ono kugwa. Mitembo sinkazindikirika, koma iye anatchula aliyense pokumbukira pamene munthuyo anakhala. Malo amakanirira m'mutu kuposa mawu.

Ndiye m'maganizo mafupawo ndinawasanja m'nyumba mwanga. Ndinayamba ndafufuza matanthauzo a mayinawo, ndipo apa m'pamene ntchito inapepuka. Scaphoid ndi fupa looneka ngati bwato, choncho bwato lalikulu latsekereza khomo, ndiyenera kulidumpha. Lunate ndi mwezi: wakhala pampando wanga, ukuwala mothobwa m'maso. Triquetrum ali ndi ngodya zitatu, ndi mwala wosongoka umene ndauponda wopanda nsapato. Pisiform ndi kanjere kozungulira kakugubuduka pansi pa kama. Mzere wachiwiri uli kuchipinda china, kumene capitate ndi mutu wosuzumira pawindo, ndipo hamate ndi mbedza imene yandikola malaya.

Zithunzi zabwinobwino sizikhalitsa. Bwato liyenera kunditchinga, mwala uyenera kundilasa. Chikapanda kundikhudza pathupi, mawa lake chafufutika.

Trapezium ndi trapezoid anandizunza kwambiri chifukwa mayinawo ndi mapasa. Mpaka ndinakhazika chala changa chachikulu pamwamba pa trapezium, poti m'dzanja fupali lili patsinde pa chalacho.

Mu 1885 Hermann Ebbinghaus, katswiri wa za maganizo wa ku Germany, anasonyeza kuti zambiri timaziiwala nthawi yoyambirira tikangophunzira, kenako kuiwalako kumachepa liwiro. N'chifukwa chake m'nyumbamo ndinayendamonso mawa lake, patatha masiku atatu, kenako patatha sabata, buku lili chitsekere. Kudzifunsa n'kowawa kuposa kuwerenganso, koma n'kumene kumagwira.

Pambuyo pake ndinaphunzira kuti pa mafupa 8 amenewa, scaphoid ndi amene amathyoka kawirikawiri munthu akagwa n'kutsamira chikhatho. Sindinavutike n'kufuna malo atsopano. Ndinangobwerera pakhomo paja, bwato lija n'kuling'amba pakati.