Masiku awiri okha ndi ana ku Gold Reef City

Abale ndi anzanga, patatha milungu ingapo tikukambirana, ine ndi mayi akunyumba tagwirizana kuti pa tchuthi cha mu Disembala tidzapite ndi ana athu atatu ku Gold Reef City, malo amasewera amene ali kummwera kwa mzinda wa Johannesburg. Kuntchito andipatsa masiku awiri okha, motero maganizo opita ku uShaka Marine World ku Durban tawasiya, chifukwa kuchokera kuno ku Pretoria ulendo wa makilomita oposa 500 ukanatidyera tsiku lathunthu pamsewu.

Matikiti tidzaguliratu pa intaneti, ndipo tidzafika pachipata asanatsegule kuti ana akuluakulu akwere makina amasewera otchedwa Anaconda ndi Tower of Terror mizere isanatalike, makamaka popeza nyengo imeneyi mvula ya mabingu imakonda kugwa masana. Wamng'onoyo ndamuyeza kale msinkhu kunyumba, chifukwa makina ena salola mwana wamfupi, ndipo ndi bwino kuti alirire pakhomo kusiyana ndi pamzere.

Chimene chandikoka mtima kwenikweni si makinawo ayi. Malowa anamangidwa pa mgodi wakale wa golide, ndipo agogo anga aamuna anali m'gulu la Amalawi ambirimbiri amene anapita ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya m'migodi. Ndikufuna kuti ana, amene dzina la agogowo amangolimva, aone zitsulo ndi zida zimene anthu ankagwiritsa ntchito pansi pa nthaka.

Tsiku lachiwiri m'mawa tidzalowa mu Apartheid Museum, nyumba yosungiramo mbiri ya ulamuliro wa tsankho ku South Africa, imene ili pafupi pomwepo, kenako tidzabwerera kunyumba dzuwa lisanalowe.