Zimene uname sanena pa nkhani ya linker

Pulogalamu ya C yojambula zinthu ndi OpenGL imatha kukhala ndi code yofanana pa makompyuta onse, koma ikafika pa linker, pulogalamu yomwe imalumikiza code yanu ndi ma library (code yolembedwa kale yomwe mukuigwiritsa ntchito), ma flag omwe mumaipatsa amasiyana. Pa Linux mumalemba -lGL. Pa macOS, Apple anaika OpenGL mu framework, ndiye pamafunika -framework OpenGL. Pa Windows, ngati mukugwiritsa ntchito MinGW (compiler ya GCC ya pa Windows), ndi -lopengl32, ndipo pulogalamuyo ikamalumikizana ndi intaneti muwonjezerenso -lws2_32. Mukaiwala imodzi, linker imakutsanulirani mizere ya "undefined reference" yosatha.

Njira yosankhira ma flag yomwe ndikuipeza m'ma Makefile (mafayilo ouza pulogalamu ya make momwe imangire code) ambiri omwe ndikuwerenga masiku ano ndi yofunsa kompyuta dzina lake. Amagwiritsa ntchito uname, lamulo lomwe limatchula dzina la operating system: amalemba UNAME_S := $(shell uname -s), kenako ifeq yoyerekeza yankholo. Linux imayankha kuti Linux, macOS imati Darwin. Windows ndiye yovuta pang'ono chifukwa mu MSYS2, yomwe imabweretsa zida za Unix pa Windows, yankho limayamba ndi mawu ngati MINGW64_NT kapena MSYS_NT n'kutsatira manambala, choncho anthu ambiri amayamba ayang'ana ngati $(OS) ndi Windows_NT. Njirayi ndi yosavuta kuwerenga, ndipo sindikuinyoza. Pa kapulogalamu ka kusukulu ndi yokwanira ndithu.

Pomwe ndinaima nthawi yaitali ndi pa -lrt, flag yolumikiza library ya librt. Kale, pulogalamu yoitana clock_gettime pa Linux inkafuna library imeneyi. Kuyambira glibc 2.17 (glibc ndi library yaikulu ya C pa Linux), yomwe inatuluka mu 2012, clock_gettime inasamukira mu libc momwe. Mu 2021, glibc 2.34 inamezanso libpthread ndi libdl. Pa macOS librt kulibe n'komwe, ndipo clock_gettime anaibweretsa mu 2016 ndi macOS 10.12. Tsono taonani: makompyuta awiri onse akuyankha kuti Linux, koma ina ikufuna -lrt pomwe inzake sikuifuna. Dzina la operating system silikukuuzani zomwe zili mu library. N'chifukwa chake Autoconf, chida chofufuza makina musanamange pulogalamu, ili ndi AC_SEARCH_LIBS, yomwe imayesa kaye kumanga kapulogalamu popanda flag, zikakanika n'kuyesa ndi -lrt.  Kuyesa kumachedwetsa build pang'ono, inde, koma yankho lake limachokera pa makina enieniwo, osati m'mutu mwa amene analemba Makefile zaka khumi zapitazo.

Vuto lina ndi lalikulu kuposa ili. Uname amanena za kompyuta yomwe mwakhalapo, osati komwe pulogalamu ikagwire ntchito. Mukakhala pa Ubuntu n'kumamanga .exe ya Windows ndi x86_64-w64-mingw32-gcc, uname anenabe kuti Linux, Makefile isankha -lGL, basi zagwa. Zili ngati telala amene akuyeza thupi lake pomwe malayawo ndi a munthu wina. Woyenera kufunsidwa ndi compiler: $(CC) -dumpmachine imatchula makina omwe ikumangira. CMake, chida china chokonzera build, inasiyanitsa ziwirizi ndi mayina, CMAKE_HOST_SYSTEM_NAME ndi CMAKE_SYSTEM_NAME. Ngakhale Rust ili ndi msampha womwewu. Fayilo ya build.rs imayenda pa kompyuta yomangira, choncho cfg!(target_os) mkati mwake imanena za kompyutayo, ndipo chofunika kuwerenga ndi CARGO_CFG_TARGET_OS.

Palinso ma flag a linker yeniyeniyo, osati a ma library. Ld (linker) ya GNU imamva --gc-sections, ya Apple imamva -dead_strip. Pofuna kuti pulogalamu ipeze library yomwe ili nayo foda imodzi, Linux imagwiritsa ntchito $ORIGIN, macOS @loader_path. Mu Makefile muyenera kulemba $$ORIGIN, ndiponso mkati mwa ma single quote, apo ayi make kapena shell idya chizindikiro cha dolacho osakuuzani kanthu.

Ndipo mukamaliza kusankha ma flag, samalani pomwe mukuwaika. Ma -l onse apite mu LDLIBS, osati LDFLAGS, chifukwa malamulo a GNU make amaika LDFLAGS patsogolo pa ma object file ndipo LDLIBS pambuyo. Ld ya GNU imawerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndiye library ya static ikabwera isanafunidwe, imangoidutsa.