Mmene ndinakonzera mawaya a bokosi la bezi kuti ampu isiye kutentha

Ampu ya bezi ya kutchalitchi kwathu ndi Hartke HA3500, ndipo kumbuyo kwake analemba poyera kuti isapatsidwe load yochepera 4 ohms, kutanthauza kuti ma ohms (muyezo wa mmene sipika imakanira magetsi kudutsa) a masipika onse olumikizidwa pamodzi asatsike kuposa pamenepo. Pa 4 ohms imatulutsa 350 watts, pa 8 ohms pafupifupi 240. Mabokosi tili nawo awiri, lina la masipika anayi a 10 inch lomwe anakhoma kalipentala wa konkuno, lina la sipika imodzi ya 15 inch lolembedwa 8 ohms. Vuto linali loti tikangolumikiza la masipika anayilo ampu inkatentha moti dzanja sungaligoneke pamwamba, ndipo kwaya ikafika pachimake bezi imayamba kusasa mawu, ena mpaka ankati ampu yatha tisonkhe ndalama tigule ina.

Ine ndinayamba ndi mita, ka multimeter kotchipa kaja ka chikasu. Zimitsani ampu kaye, zulani kebulo ku ampuko, mita iikeni pa 200 ohms. Musanayeze chilichonse gundanitsani timawaya ta mita tiwiri tija muone nambala yomwe ikubwera, yanga inkaonetsa 0.4, ndiye nambala imeneyo muzichotsera pa zonse zomwe muyeze. Chinanso, mita siipereka nambala yolembedwa pa sipika ndendende, chifukwa imayeza waya wa koyilo uli phee pomwe impedance, yomwe ndi nambala yolembedwa pa sipikayo, imasinthasintha malinga ndi mawu omwe akudutsa. Sipika ya 8 ohms pa mita imaonetsa cha m'ma 5 kapena 6 ndi kanthu, ya 4 ohms cha m'ma 3. Bokosi la 15 linandipatsa 6, bhobho. La masipika anayi linandipatsa 1.5 basi.

Ndinamasula sefa ya kutsogolo, ndikutulutsa masipika onse, pa maginito a iliyonse panalembedwa 8 ohms. Yemwe anamanga mawaya poyamba anangotenga ma pulasi onse anayi kuwaphatikiza pamodzi, ma mainasi onse pamodzinso, ndiye parallel imeneyo. Masamu ake ndi osavuta masipika akakhala ofanana, mumagawa ma ohms a imodzi ndi chiwerengero cha masipika, 8 kugawa 4 ndi 2. Bokosi lokhalo linali 2 ohms, theka la zomwe ampu imalola, ndiye tsiku lomwe tinkawonjezerapo la 15 lija zimatsika kufika 1.6. Anthu ambiri amaganiza kuti ma ohms akachepa ndiye kuti ampu yapepukidwa, koma ndi mosemphana, ma ohms ochepa amakoka moto wambiri, zili ngati wakabaza wakweza anthu awiri ndi thumba la chimanga pa chitunda, afika ndithu koma tsiku lina tcheni chiduka.

Ndi masipika anayi a 8 ohms muli ndi njira zitatu zokha zooneka bwino. Onse parallel mupeza 2, onse series (kuwatsatanitsa ngati unyolo, apa mumangophatikiza) mupeza 32 yomwe ampu ingotulutsa kamawu kochepa, kapena kusakaniza ziwirizi mupeza 8. Palibe mmene mungapezere 4 ndi masipika amenewa, musavutike. Ine 8 ndi yomwe ndinkafuna chifukwa jeki ziwiri za kumbuyo kwa ampu ndi za parallel, ndiye bokosi la 8 ndi linzake la 8 pamodzi zikupanga 4 ndendende, ampu ipereke mphamvu zake zonse osapsa mtima.

Kamangidwe kake ndinachita chonchi. Masipika ndinawalemba A, B, C, D ndi choko pa maginito kuti ndisasokonezeke. Waya wochokera ku pulasi ya jeki upite ku pulasi ya A, mainasi ya A ipite ku pulasi ya B, mainasi ya B ibwerere ku mainasi ya jeki, apo A ndi B apanga 16. C ndi D chimodzimodzi, pulasi ya jeki ku pulasi ya C, mainasi ya C ku pulasi ya D, mainasi ya D ku mainasi ya jeki, 16 inanso. Awiriawiri amenewa akakumana pa jeki ndi 16 kugawa 2, yatuluka 8. Waya ndinagwiritsa flex ya 1.5 mm yofiira ndi yakuda, ndipo paliponse ndinawotcherera ndi soldering iron, osangopota ndi kumata tepi ayi, bezi imagwedeza bokosi koopsa ndipo chopota chimamasuka pakangopita miyezi. Mawaya olendewera ndinawamangirira kuti asamagunde kumbuyo kwa pepala la sipika, apo ayi mumamva ka phokoso ka zzz nkumaganiza kuti sipika yang'ambika.

Musanatseke bokosi, yezaninso pa jeki. Panabwera 6.1, mtima pansi. Kenako mayeso a batire, omwe ambiri amawadumpha koma kwa ine ndi ofunika ngati a mita omwe. Tengani batire la 9V lija la makona anayi, pulasi yake gunditsani ku nsonga ya pulagi, mainasi ku thupi la pulagi, kungogunda pang'ono osakhalitsa. Mumva "phu" ndipo mapepala a masipika onse anayi azitulukira kunja limodzi. Ina ikalowa mkati pomwe zinzake zikutuluka ndiye kuti mawaya ake atembenuzidwa, ndipo choopsa chake mita siikuuzani, nambala imakhala yomweyo, kungoti masipika amalimbana okhaokha, bezi imamveka yopyapyala inu nkumangowonjezera volume mpaka kuwotcha zinthu. Bokosi la 15 ndinaliyesanso chimodzimodzi kuti mabokosi awiriwa azikankhira mbali imodzi.

Za kebulo ndinenepo, chifukwa zimandinyansa ndikaona m'mabandi ambiri. Kebulo ya gitala ndi ya sipika zimafanana pulagi koma mkati ndi zosiyana, ya gitala ili ndi kawaya kamodzi kowonda pakati kozunguliridwa ndi shield (timawaya tolukana totchinga phokoso), anaipangira kamphamvu kochepa kochokera ku pickup (kachipangizo kotola mawu a zingwe za gitala), mukaidutsitsa ma watts mazanamazana imatentha ndipo ikasungunuka mkati ndi short, ampu yapita. Ya sipika imakhala ndi mawaya awiri onenepa ofanana. Ndinapanga ziwiri zazifupi ndikuzikulunga tepi yofiira kuti anyamata asazisakanize ndi za magitala. Amene ampu zanu zili ndi Speakon (mtundu wina wa pulagi ya masipika) ya kampani ya Neutrik muli pabwino, imakhoma yokha ndipo mawaya amalowa pa 1+ ndi 1-.

Zonsezi ndikunena za ampu ya ma transistor, yomwe ma ohms akachuluka siidandaula, imangochepetsa mphamvu. Ya ma valve ndi nkhani ina, ngati Ampeg SVT ija inatuluka mu 1969 ya 300 watts, imafuna bokosi lofanana ndi ma ohms omwe transformer yake yaikidwa, ndipo kuiyimbitsa popanda sipika kumatha kuwotcha transformer. Bokosi lotchuka la SVT la masipika 8 limandisangalatsa masamu ake, sipika iliyonse ndi 32 ohms, onse parallel, 32 kugawa 8, 4 ohms.

Titalumikiza mabokosi onse awiri ndinayimba kwa nthawi ndithu pa volume ya Lamlungu, ampu inangofunda pang'ono basi. Chomwe ndikuyang'anira tsopano ndi sipika ya 15, chifukwa mabokosi ofanana ma ohms amagawana mphamvu pakati, 175 watts lililonse, ndiye ma 10 inch aja iliyonse ikulandira cha m'ma 44 pomwe ya 15 ikusenza 175 yokha, ikayamba kulira "fa fa" ndi yoyamba kundiuza kuti nditsitse bass pa EQ, mabatani osinthira kamvekedwe ka mawu pa ampu. Wa kiyibodi anabwera ndi maganizo oti tiwonjezere bokosi la PA (la zokuzira mawu) la 4 ohms lomwe limangokhala ku sitolo kuti zizigunda kwambiri pa crusade, ndinamuwerengera pa foni, 4 yathuyi ndi 4 inayo mu parallel tabwerera ku 2 komwe tachoka. Ndinatenga marker ndikulemba 8 OHMS kumbuyo kwa bokosi lililonse, ndipo pa ampu ndinamata kapepala koti mabokosi awiri okha.