Ng'oma za ku Curuzu

Gulu la Ilê Aiyê ndinalidziwa usiku wina magetsi atazima, ndikuonera makanema pafoni poyembekezera tulo. Mu kanema wina munali kamsewu kokwera chitunda kodzaza ndi anthu ovala nsalu zofiira, zachikasu, zakuda ndi zoyera. Amayi achikulire ovala zoyera zokhazokha ankamwaza mbuliwuli pa khamulo, kenako nkhunda zoyera zinaulutsidwa, ng'oma n'kuyamba kugunda. Ndikadapanda kuwerenga mawu olembedwa m'munsi, ndikadalumbira kuti ndi ku Africa konkuno. Koma kunali ku Curuzu, dera la anthu wamba mumzinda wa Salvador ku Brazil, ndipo umenewu ndi mwambo umene gululi limachita chaka ndi chaka lisanatsikire ku chikondwerero cha carnival.

Gululi linakhazikitsidwa pa 1 November 1974, dziko la Brazil likulamulidwa ndi asilikali, ndipo amene analiyambitsa ndi achinyamata a m'deralo, mmodzi mwa iwo ndi Antônio Carlos dos Santos, yemwe anthu amangomutcha Vovô. Pa nthawiyo magulu otchuka a carnival ankakana anthu akuda m'njira zosiyanasiyana, ngakhale kuti mumzinda wa Salvador akuda ndiwo ochuluka. Achinyamatawo anaganiza zopanga gulu lawolawo, lolandira akuda okha, ndipo atatulukira m'misewu koyamba mu 1975 nyuzipepala ina ya mumzindamo inawanena kuti ndi atsankho. Amayi ake a Vovô, Mãe Hilda, amene anali mtsogoleri wa chipembedzo cha makolo cha Candomblé, anapereka nyumba yawo kuti gululi lizikumanirapo. Ngakhale dzina lenilenilo la gululi ndi la Chiyoruba cha ku Nigeria.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri si kukula kwa ng'oma, koma mmene amakonzera nyimbo zawo. Chaka chilichonse gululi limasankha mutu, kawirikawiri dziko la mu Africa kapena mbiri ya anthu akuda, ena n'kupita kukafufuza m'mabuku, ndipo zimene apezazo amazipereka kwa opeka nyimbo ndi kwa ojambula nsalu. Mu 1981, patangotha pafupifupi chaka chimodzi dziko la Zimbabwe litalandira ufulu, mutu unali Zimbabwe. M'zaka zina anaimba za Angola, Mali ndi Mozambique. Motero mwana amene kusukulu ankangomva kuti makolo ake anali akapolo, ankapezeka akuimba mumsewu mayina a mafumu ndi maiko a ku Africa, ndipo nyimbo yoti waivina usiku wonse siiwalika msanga ngati phunziro la pa bolodi. Lamulo lokakamiza sukulu za ku Brazil kuphunzitsa mbiri ya Africa linabwera mu 2003, pamene a ku Curuzu anali atachita kale ntchitoyi kwa zaka pafupifupi 30.

Ntchitoyo siinathere pa carnival. Mu 1988 Mãe Hilda anatsegula sukulu ya ana a m'deralo pa malo awo opembedzera, ndipo pambuyo pake panabwera gulu la ana ophunzira kuimba ng'oma. Palinso usiku wosankha mfumukazi ya gululi, pamene chimene chimayang'anidwa ndi kavinidwe, kamangidwe ka duku, tsitsi lachibadwa ndi kudziwa mbiri ya anthu akuda. Kwa ife amene taona alongo athu akudzola mafuta oyeretsa khungu mpaka nkhope kupsa, nkhani imeneyi si yachilendo ayi.

Sindikufuna kukometsera zonse. Africa amene amaimbidwa ku Curuzu nthawi zina ndi wa m'maloto, wa mafumu ndi nsalu zokongola, wopanda mizere ya pa malo omwetsera mafuta kapena mitengo ya feteleza. Poyamba zimenezi zinkandinyong'onya, koma ndinadzazindikira kuti anthu amene anachotsedwa kwawo ndi unyolo, m'dziko limene ukapolo unatha mu 1888, ali ndi ufulu wosankha chimene akufuna kukumbukira. Chimene chimandichititsa manyazi n'chakuti iwo anakhala pansi n'kuwerenga za ife, pamene ine ndinamaliza sukulu ndikudziwa Brazil wa mpira yekha, ndipo ng'oma zakwathu ndimazimva kawirikawiri pa misonkhano ya ndale, zikulandira alendo olemekezeka.

Ubale wake ulipo ndithu. M'zaka za m'ma 1800 anthu ambiri ogwidwa kuchigwa cha Zambezi ndi madera ozungulira nyanja ya Malawi ankakwezedwa zombo pa doko la Quelimane kupita ku Brazil, kumene onse ankangotchedwa a Mozambique. Ambiri a iwo anatsitsidwa ku Rio de Janeiro, osati ku Salvador, kumene mizu ya Ayoruba, ya Dahomey (dziko la Benin lero) ndi ya Angola ndiyo inazama kwambiri. Ndikudziwa zimenezi, komabe usiku uja ndinabwereza kanemayo katatu, foni ili kukhutu, ndikufunafuna kagundidwe ka mbalule kapena ka mpanje pakati pa ng'oma zawozo, mpaka batire linatha.