Mmene ndinasamalirira kamwana ka finch kodwala kufikira pamene kanayamba kudya kokha

Kamwana ka zebra finch (mtundu wa timbalame ting'onoting'ono todya njere) kamene ndinakapeza pansi m'khola la mbalame zanga kanali katangoyamba kumera nthenga, kanali kozizira m'dzanja, ndipo sikankatsegula mlomo ngakhale nditakakhudza pamutu. Choyamba ndinakatenthetsa m'manja n'kukabwezera m'chisa, chifukwa palibe munthu amene angadyetse kambalame kotere bwino kuposa makolo ake, ndipo zimene ena amanena zoti mbalame imakana mwana wake akagwiridwa ndi munthu si zoona. Nditaona kuti makolowo akudyetsa anzake okha, ndinakachotsa kuti ndikasamalire ndekha.

Sindinathamangire kukapatsa chakudya, ngakhale kuti mtima unkandiuza kuti kali ndi njala. Kambalame kozizira sikagaya chakudya, choncho chilichonse chimene kameza chimangokhala m'chithokomiro n'kuyamba kusasa. Ndinayala mapepala ofewa m'kabokosi, ndinakulunga botolo la madzi ofunda m'nsalu n'kuliika mbali imodzi yokha, kenako ndinaika chipangizo choyezera kutentha pafupi ndi kamwanako. Kamwana kopanda nthenga kamafuna kutentha kwa madigiri 35 kapena kupitirira pang'ono, pamene kamene nthenga zayamba kutuluka kamakhala bwino pa madigiri 30 mpaka 32. Ndinkayang'ananso kakhalidwe kake, chifukwa kakamapuma mlomo uli yasa ndi kutambasula mapiko ndiye kuti katenthedwa, ndipo kakangoti zii osagwedera ndiye kuti kakuzizidwabe. Bokosilo ndinaliika pamalo a mdima pang'ono ndi opanda phokoso.

Katayamba kudzutsa mutu ndinaganizira za madzi m'thupi, popeza khungu lake linali lamakwinya. Apa mpamene ambiri amataya ana a mbalame, ndipo ndikukupemphani kuti musathire madzi m'kamwa mwa kambalame. Khomo la njira ya mpweya lili kumbuyo kwenikweni kwa lilime, moti kadontho kamodzi kolowa molakwika kakhoza kukatsamwitsa kapena kuyambitsa chibayo. Ine ndinkanyowetsa nsonga ya kaburashi kofewa m'madzi ofunda obwezeretsa mchere m'thupi, n'kungokhudza m'mbali mwa mlomo kuti kameze kokha.

Chakudya chimene ndinagwiritsa ntchito ndi ufa wopangidwira kulerera ana a mbalame pamanja. Mkaka ndi buledi siziyenera kuyandikira kamwana kotere, chifukwa mbalame sizigaya shuga wa mumkaka ndipo zimatsegula m'mimba. Ufawo ndinkausungunula m'madzi ofunda kuti ukhale phala lamadzimadzi poyamba, la kutentha kwa madigiri 38 mpaka 40, ndipo ndinkayeza nthawi iliyonse, pakuti phala lotentha kwambiri limawotcha chithokomiro pamene lozizira limachedwa kugayika. Ndinkakadyetsa ndi kasirinji kakang'ono kopanda singano, kadontho kamodzikamodzi, pokhapokha kakatsegula mlomo kokha. Ana a zebra finch amapempha chakudya atapinda khosi chammbali n'kuloza mlomo m'mwamba, ndipo nditazolowera kapindidwe kameneka ntchito inapepuka. Ana aang'ono kwambiri amadyetsedwa pa mphindi 20 kapena 30 zilizonse kuyambira m'bandakucha mpaka madzulo, koma akamakula nthawiyo imatalikirako.

Komabe chimene chinkanditsogolera kwambiri kuposa wotchi ndi chithokomiro. Pa kamwana ka finch chimaonekera bwino m'mbali mwa khosi, chifukwa khungu lake ndi lopyapyala ngati pepala lonyowa, moti chakudya chimaoneka m'kati. Ndisanadyetse ndinkaona ngati chaphwa, ndipo ndinkasiya chikangotupa pang'ono chidakali chofewa. M'mawa uliwonse chimayenera kukhala chopanda kanthu.

M'mawa wina ndinapeza chakudya cha dzulo chidakalimo, kamwanako kakununkha chosasa m'kamwa, ndipo zitosi zake zinali zochepa ndi zamadzi. Sindinawonjezere phala ndipo sindinayese kufinya chithokomirocho, chifukwa kufinya kumabweza chakudya kukhosi n'kukalowetsa m'mapapo. Ndinakanyamula m'kabokosi kake komweko, botolo lofunda lili pambali, n'kupita kwa dokotala wa ziweto wodziwa za mbalame. Adokotalawo anatenga timadzi ta m'chithokomiro ndi zitosi n'kuziunika pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, ndipo anapeza fangasi wotchedwa Candida, amene amakonda kuswana mwa ana a mbalame ofooka. Anandipatsa mankhwala a nystatin ndi mlingo wogwirizana ndi kulemera kwa kamwanako. Ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti ulendo umenewu sungalowedwe m'malo ndi kungoganizira kunyumba, popeza zizindikiro zomwezi zimabweranso ndi mabakiteriya kapena tizilombo ta m'matumbo, ndipo mankhwala opha mabakiteriya akaperekedwa mwachisawawa amangopatsa fangasiyo mpata wochulukana. Kambalame kamene ngakhale katakula kamalemera magalamu 12 mpaka 15 okha sikangapirire mlingo wongopeka.

Kuchokera pamenepo ndinalimbikira ukhondo. Phala ndinkakonza latsopano pa kudya kulikonse n'kutaya lotsala, sirinji ndinkaitsuka ndi madzi otentha, mapepala ndinkasintha akangoda, ndipo phala lomatirira pamlomo ndinkalipukuta ndi kathonje konyowa lisanaume. Ndinkasamba m'manja ndisanakagwire komanso ndikatha, ndiponso ndinakapatula kwa mbalame zinzake. M'mawa uliwonse ndinkakayeza pa sikelo ya magalamu kasanadye n'kulemba, chifukwa kutsika kwa kulemera kumaoneka pa sikelo maso asanazindikire kanthu.

Chithokomiro chitayambanso kuphwa pa nthawi yake, ndinalimbitsa phala pang'onopang'ono n'kumachepetsa kutentha m'bokosi pamene nthenga zinkadzaza. Ana a zebra finch amatuluka m'chisa ali ndi masiku pafupifupi 21, koma amadalirabe kudyetsedwa mpaka atakwanitsa masabata 5 kapena kuyandikira pamenepo, ndipo kamwana kamene kanadwalapo kakhoza kuchedwerapo. Ndinakasamutsira m'kakhola kokhala ndi timitengo totera tam'munsi, ndinamwaza njere zofewetsedwa m'madzi pansi, ndinaika madzi m'kambale kosaya, ndipo khola lake ndinaliyandikiza kwa mbalame zazikulu kuti kaziona mmene zimasendera njere. Ndinayamba kudumpha chakudya cha masana, kenako cha m'mawa, koma cha madzulo ndinachisiya komalizira, sikelo itasonyeza kwa masiku otsatizana kuti kulemera kwake sikukutsika.