Kalata imodzi inandidyera masabata atatu

Ndatsiriza kuyeza faiba (chingwe cha galasi chotumiza mauthenga ndi kuwala) ya monografia yanga, kafukufuku wotsirizira maphunziro, sabata yatha, koma mtima sunatsikebe. Inu amene mukufuna kuchita kafukufuku wa faiba kuno ku Tete, tamverani.

Kuyezako sikuvuta ukakhala ndi OTDR. Makinawa amaponya kuwala m'chingwe n'kuwerenga komwe kwabwerera, ndiye amakusonyeza polumikiza, popindika, poduka, ndi mtunda wake. Koma wophunzira angawagule ndi chiyani? Umabwereka ku kampani, ndipo kumeneko sakulandira wopanda credencial, kalata ya kusukulu yokuchitira umboni.

Credencial ndinatenga. Ndinakwera chapa mbandakucha ku Ulongwe, n'kukaisiya pa ofesi ya kampani ina mumzinda. Amayi a polandirira alendo anangoti, "Mubwere Lachisanu." Ine n'kutuluka chimanjamanja. Musadzatero! Chititsani fotokope, adinde pa pepala lanulo, alembepo tsiku ndi dzina la wolandira.

Lachisanu ndafika, akuti, "Kalata yake iti, achimwene?" Ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kutentha kwa ku Tete mukukudziwa, ife a kumapiri sitikuzolowera. Akuti abwana ali kumsonkhano, kenaka akuti apita kukadya, kenaka akuti lembani ina. Ina imeneyo inafuna siginecha ya aphunzitsi ondiyang'anira, iwo ali paulendo. Ndalama ya chapa inali ya chimanga cha amayi anga, n'chifukwa chake zikundiwawabe.

Ndayiwala kunena, m'kalatamo tchulani makina amene mukufuna ndi masiku ake. Mukangolemba kuti "kafukufuku", amakuyendetsani m'maofesi basi.

Nditaloledwa, katswiri wina wachikulire anandiperekeza pa chingwe cha ku Moatize, makilomita ngati 20. Faiba yabwino imataya pafupifupi 0.2 dB (muyeso wa kuwala kotayika) pa kilomita pa 1550 nm, ndi 0.35 pa 1310 nm, mitundu iwiri ya kuwala imene timayezera. Ganizani, mu 1966 wasayansi Charles Kao ankalimbikira kuti galasi litayeretsedwa, kuwala kotayika kungatsike pansi pa 20 dB pa kilomita, anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2009. Ine tsiku loyamba manambala anatuluka oipa, ndinada nkhawa. Bambo aja anangotenga kansalu ndi mankhwala opukutira a isopropyl n'kupukuta konekita, polowetsera chingwe m'makina. Pakati pa faiba podutsa kuwala ndi ma micrometre 9 okha, kafumbi kamodzi kamatseka njira, ndipo fumbi la malasha ku Moatize silisowa.

Yezani pa 1310 ndi 1550 pomwe. Malo otaya kwambiri pa 1550 kuposa pa 1310 nthawi zambiri ndi popindika, osati polumikiza molakwika. Ndinapeza awiri otero, ndipo ndiwo mutu wachitatu wa monografia yanga. Yezaninso kuchokera mbali zonse ziwiri, mbali imodzi yokha imanamiza pa zolumikiza.

Pobweza makina ndinawasainitsa pepala lina, n'kudinditsanso langa. Mapepala odindidwa onsewo ali m'chikwama mpaka tsiku la defesa, lokateteza monografia pamaso pa aphunzitsi.